Madenga a Lusaka, Kuwaona Kuchokera M'chipinda

Kompyuta yoyamba inabwera pa wilibala,
yotayidwa ku ofesi ya inshuwalansi,
galasi lake lotupa ngati mimba ya chule.
Madisiki anayi, lachitatu lokandika.
Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu.

Dziko linali mizere iwiri basi,
wobiriwira pansi, wabuluu kumwamba,
injini ikulira ngati udzudzu wotsekeredwa m'chitini.
Ndinalemba dzina la mzinda wathu ndi chala chimodzi.
Makina anayankha kuti kulibe.

Kulibe? Nanga fumbi lili m'kiyibodimu lachokera kuti?

Zaka zinapita. Mitambo ya m'makina inanenepa,
mvula inaphunzira kuyenderera pazenera la woyendetsa,
mizinda ya eni ake inamera milatho, nyali, mithunzi yomwe.
Ife anatiponyera kamsewu kotuwa pakati pa thengo
ndi tinyumba titatu tofanana,
tamadenga osongoka, todikira chipale chosadzagwa.

Ndiye tinayamba kumanga tokha.

Lubasi masana amagulitsa nsalu ku Kamwala,
usiku amapenta zipsepse za ndege;
anatha milungu isanu akulimbana ndi mtundu umodzi wa lalanje.
Tisauke anakaima kumpanda wa bwalo, foni m'mwamba,
kutchera mkokomo ngati wotchera mbewa,
mpaka mlonda anamufunsa ngati mutu uli bwino.
A Zyambo, amene ankamanga mabawuti a ndege zenizeni
kufikira tsiku lomwe anawapatsa kalata n'kutseka geti,
ankakhala kumbuyo kwathu, tiyi akuzizira:
"Iyayi. Gudumu silipinda choncho. Bwerezani."
Tinabwereza kasanu n'kawiri.

Langa linali gawo la madenga.
Kalingalinga, Mtendere, Chawama,
malata adzimbiri otsenderezedwa ndi miyala ndi matayala akutha,
thanki yamadzi yopendekera,
maminibasi othithikana ngati nyerere pa fupa.
Ku Chelston ndinaika kanyumba kabuluu
ndi mtengo wa mango wokula kupitirira muyeso.
Sanandifunse. Sindinafotokoze.

Wotilipira panalibe.
Magetsi ankathima fayilo itatsala pang'ono kukwera,
tinkayambiranso tambala akulira,
maso ofiira ngati tachezera pamaliro.

Kenaka kunabwera pulogalamu yatsopano,
yomanga dziko lonse yokha ndi zithunzi za m'mlengalenga.
Zaka zathu zitatu inazimeza usiku umodzi.
Msika wa Soweto inausandutsa nyumba yosungiramo katundu,
mango uja inaudula osadziwa kuti wadulidwa.
Lubasi anatukwana m'zinenero zitatu,
nati, "Mawa mubwere ndi makandulo."

Tinaudzalanso.

Munthu wina wa kudziko lozizira,
dzina lake lovuta ngati kutafuna mchenga,
analemba kuti watera kwathu kawiri sabata ino,
nafunsa: kanyumba kabuluu kaja n'chizindikiro cha oyendetsa ndege?
Ndinayankha kuti inde.
Mayi ankayanika zovala pamenepo,
akuwerenga ndege zopita kumene sanafikeko.

Inenso sindinakwerepo.
Pasipoti ili m'sutikesi, yoyera ngati mbale yosadyerapo.
A Zyambo tinawaika chaka chatha;
gudumu lawo likupindabe bwino
m'makompyuta a anthu osadziwa dzina lawo.

Usiku uno ndikutsika kuchokera kumadzulo,
dzanja pa chiwongolero chomwe ndinapanga
ndi paipi yamadzi ndi chigwiriro cha njinga.
Nyali za mzinda zamwazika ngati makala okhutulidwa.
Magudumu atuluka. Mphepo ili kumanja.
Kwatsala pang'ono,

magetsi thi!

Mdima. Galu wa aneba. Jenereta kutali ikutsokomola.
Sindichotsa dzanja.
Pamwamba pa Kabwata pakudutsa ina yeniyeni,
yodzaza anthu ogona, osayang'ana pansi,
ndipo ine ndiitsitsa ndi makutu,
pang'onopang'ono,
mpaka phokoso litakhudza nthaka.